Anandigoneka pa mphasa kuti amuna a eni aphunzire kusisita

Nkhaniyi ndiyenera kuilemba, chifukwa ndamva kuti ku msika wa Chipyela anthu akunena zoti ndinachitira mwano munthu wamkulu. Ndikufuna kuti inu amene mumanditsatira pano muimve kuchokera kwa mwini wake. Dzina la bungwe sindilitchula. Eni ake adzizindikira okha.

Ndine wophunzira pa koleji ina ya uphunzitsi. Ndinabwerera kwathu ku Mbungo, pa chilumba pano, ndili woyembekezera, ndipo tsopano pathupi pakula. Bambo a mwanayu anasiya kuyankha foni. Amayi anga anamwalira. Ndimakhala ndi azakhali, amene amalawirira kukayanika usipa ndi kubwerako ali ofooka. Masana onse ndimakhala ndekha ndi mabuku.

Msana umandiwawa kwambiri. Kukhala pansi ndi vuto, kuwerenga ndi vuto. Azakhali anandipatsa botolo la mizu yonyika m'madzi, nati: "Imwa, mwanawe, tonse tinamwa zomwezi." Sindinawanyoze, koma sindinamwe. Ndinkafuna kufunsa kaye kwa odziwa.

Lamulungu kutchalitchi analengeza kuti kuseri kwa msika kuli gulu lothandiza amayi oyembekezera: kusisita msana ndi mafuta, kuphunzira kapumidwe kabwino, ndi kukambirana za zitsamba. Wolengezayo anati "mayi aliyense." Ndinamva bwino lomwe. Mawu ndimawasamala.

Lachinayi ndinanyamuka wapansi dzuwa lisanatenthe, botolo lili m'chikwama. Amene munayendapo njira ya ku Mbungo mukuidziwa miyala yake. Ndinkati kuyenda pang'ono, kupuma pansi pa mlambe, kuyendanso. Ndinafika cha m'ma 9 koloko.

Pakhomo panali alangizi a gululo, mayi wachikulire ndithu. Moni sanandipatse.

"Bambo ali kuti?"

Ndinayankha kuti ndabwera ndekha.

"Apongozi? Achemwali?"

"Ndekha, amayi."

Anati pulogalamu yawo ndi ya mabanja. Anati iwo sasisita munthu, amaphunzitsa amuna kusisita akazi awo. Anatinso amene amathandiza bungwelo amafuna zithunzi zooneka amuna. Kenaka anandilozera benchi la pakona: "Khalani apo, muzionerera."

Kuonerera! Kodi msana umapola ndi maso?

Ndinakhala. Mphasa zinali zoyalidwa pansi, mayi aliyense ndi mwamuna wake. Msodzi wina wa ku Khuyu anakweza zikhatho zake zokhakhala, nati: "Alangizi, manja okoka ukonde wa chilimira awa, ndikamsisita sindimsenda ngati chinangwa?" Mkazi wake anamumenya ndi nsonga ya chitenje: "Iwe, sisita apa! Amene anabweretsa katunduyu ndani?" Onse anaseka. Inenso ndinaseka, pa benchi paja. Palibe amene anatembenuka.

Amunawo ankalephera. Wina ankakanda ngati akukanda ufa wa mandasi, wina ankangopapasa mwamantha. Alangizi anafuna munthu woonetserapo. Maso awo anagwera pa ine.

"Asisi a ku koleji, tabwerani mutithandize. Inu mulibe wokuchitirani nsanje."

Ndinapita, chifukwa msana unkawawa. Anandigoneka chammbali pakati pa chipinda. Anathira mafuta m'manja, nayamba kukanikiza m'chiuno pang'onopang'ono ndi zikhatho. Ndinene zoona: ntchito yawo amaidziwa. Ululu unayamba kumasuka. Chibwerereni kuchokera ku koleji, palibe munthu amene anali atandikhudza, kupatula anamwino poyeza mimba kusikelo. Ndinatseka maso. Mwana anasuntha. Misozi inatuluka yokha n'kudonthera pa mphasa.

Kenaka manja aja anachoka.

"Mwaona mmene tikuchitira? Basi, asisi, bwererani pa benchi."

Anali atasisita mbali imodzi yokha. Ndinapempha motsitsa mawu kuti amalize mbali inayo. Anati chinali chitsanzo chabe, nthawi ndi ya mabanja. Ataona misozi yanga, anandiloza ndi chala chonyezimira mafuta, nati: "Azibambo, mwaonatu? Mkazi wosiyidwa amalira chonchi. Musamawasiye akazi anu."

Amuna anagwedeza mitu. Wina anati, "Zoona, alangizi." Ine ndili chigonere pansi, chitenje chili chomasula.

Ndinadzuka, ndinamanga chitenje changa, ndinatulutsa botolo la azakhali. Ndinafunsa ngati mizuyo ili yoyenera kwa mayi woyembekezera. Sanaliyang'ane n'komwe. Anati za zitsamba amakambirana ndi mabanja amene ali m'gulu, ine ndidzabwere ndikadzapeza wondiperekeza.

Apa ndi pamene ndinalankhula mawu amene akutchedwa mwano. Ndiwalemba monga ndinawanenera: "Amayi, thupi langa lakwanira kukhala chitsanzo, koma silinakwanire kuthandizidwa?"

Sindinakweze mawu. Sindinatukwane. Mkazi wa msodzi uja anayang'ana pansi. Ndinatuluka.

Njira yobwerera ku Mbungo ndinaiyenda dzuwa lili paliwombo, mbali imodzi ya msana ili yopepuka, inayo ikuwawa monga kale. Azakhali atabwera madzulo anafunsa ngati andithandiza. Ndinati, "Theka." Botolo ndidzapita nalo kusikelo kuti anamwino alione. Kufikira tsikulo sindimwa.

Tsopano ndikufuna mayankho, inu a bungwe. Ngati thandizo lanu ndi la okwatiwa okha, n'chifukwa chiyani munatuma wolengeza kunena kuti "mayi aliyense"? Pa chilumba pano amuna ambiri amakhala pa madzi kapena kutsidya. Akazi awo azipita kuti? Nanga amasiye? Ndani anakulolani kusandutsa misozi ya munthu kukhala phunziro, mwini wake osamupempha? Kodi kumaliza mbali yachiwiri kukanakuthyolani manja?

Kwa amayi anzanga amene mulibe wokuperekezani: musavutike ndi miyala ya njira ija kufikira anthuwa atayankha.

Pomaliza, ndayesetsa kulemba Chichewa cholongosoka, koma ndalemba nditatsamira khoma, choncho ngati mwapeza cholakwika m'kalembedwe, ndiuzeni ndikonze. Ndipo inu amene munali m'chipinda chija, ngati pali pamene ndanama kapena kuwonjezera, ndilembereni. Ngati pali mmodzi mwa inu amene anafuna kundiyankhulira koma ine sindinamuone, chonde ndikonzeni pamenepo poyamba.