Ovololo ya Kumunda wa Anyani

Nyani saopa mkazi. Wotsutsa atsutse, koma ine ndinalindako chimanga m'phiri la kwathu, kumtunda kwa Nzama, ndipo ndikudziwa. Ukuwe mpaka mawu kusasa, uponye miyala, iye amangokuyang'ana uku akudzikanda m'khwapa, kenako n'kuthyola china. Koma angoona buluku, ngakhale la nkhalamba yoyendera ndodo, gulu lonse ndi liwiro la mtondo wadooka.

Munda wathu unali womalizira, pamene pamayambira misuku. Kumtunda kwake kunali matanthwe okhaokha, mbira zikuothera dzuwa, ndipo kumeneko n'kumene anyaniwo ankagona. Ine ndinali pachitengwa ndi ana awiri. Amuna anga anapita ku Joni kukasaka ntchito. Poyamba ankatumiza mawu, kenako zii. Bambo awo, apongozi angawo, ankangokhalira pakhonde kuyang'ana njira yochokera ku Boma, maso atayamba kale kuchita ng'ala.

Chaka chimenecho masuku sanabereke, ndiye anyani anatsikira chimanga chikadali chachiwisi. Mizere yakumtunda inatha ndikuona. Ndikanangowasiya, ana anga akanadya chiyani? Ndinatulutsa m'sutikesi ovololo imene amuna anga anabwera nayo kuchokera kumgodi paulendo wawo woyamba, jombo, ndi chipewa cholimba cha kumgodiko. Boma linali litasintha, m'tauni akazi anali atayamba kuvala mabuluku, koma kwathu? Ha! Ukanatchuka mpaka kutchalitchi. Ndinkazibisa m'dengu, chitenje pamwamba, n'kukavalira kuseri kwa msuku.

Zinathandiza, abale. Ndinaphunzira kuyenda motangadza miyendo ndi kutsokomola ngati bambo wosuta fodya. Chinyani chachikulu, chotsogolera anzake, chinkangondikuwira chili pathanthwe, osatsika. Komabe manyazi ankandigwira ngakhale ndili ndekha. Nkhwali ikangoti phururu m'udzu, mtima unkachita kudumpha, ndimvekere basi wina wandiona.

Ndipo wina anandionadi. Mayi wina wozula bowa anandionera patali, nathamangira kumudzi kukauza apongozi kuti mwana wanu wabwera, ali kumunda. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Chimene ndinamva tsikulo ndi mawu ochokera kumunsi.

"Mwana wanga! Iwe! Zoona kufikira kumunda osandiona?"

Anali apongozi. Munthu amene ankalephera kufika ngakhale kudimba anali kukwera phiri, atavala jekete yopitira kutchalitchi. Akayenda pang'ono ankaima, n'kutsamira ndodo, n'kuseka okha. Ndinafuna kuthawa, koma ndikanathawira kuti? Ndinafuna kukuwa kuti ndine, koma apongozi ndikanawakuwira bwanji? Chikwatiwireni ndinali ndisanaimepo pafupi nawo. Madzi akumwa ndinkapatsira mwana, kulankhula nawo ndinkalankhula nditagwada chapatali, nkhope kumbali. Lero ndi awa akubwera molunjika, ine ndili njo mu buluku la mwana wawo.

Anafika ali wefuwefu, nandigwira mkono. "Waonda," anatero. "Ankakudyetsa kumeneko?"

Ndinavula chipewa, n'kugwada momwemo ndi jombo zanga.

"Ndine, bambo."

Anandisiya ngati agwira khala la moto. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangotembenuka kundipatsa msana, n'kuyamba kumanga mabatani a jekete amene anali omanga kale. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Manyazi a bulukulo anali ochepa. Chimene chinandipweteka n'chakuti ndinawakweza phiri lonselo akuseka.

"Pepani bambo," ndinatero misozi ili mbwembwembwe. "Ndi anyaniwa. Akazi satiopa."

Kumtunda kunamveka mapesi kuthyoka. Anyani anali ataona mwamuna wawo uja atagwada ngati mkazi, duku lili poyera, ndipo chinyani chija chinali chitalowa kale m'munda, anzake ali pambuyo. Apongozi anatchera khutu. Anakweza ndodo kuti akuwe, koma mawu anawathera pakhosi, n'kungotsokomola. Anakhala pansi pamzere, akadandipatsabe msana.

"Dzukani, mayi," anatero chapansipansi. "Valani chipewacho. Asadziwe kuti pakhomo pano palibe mwamuna."

Ndinavala, n'kuyamba kukwera munda ndikutsokomola ngati mwana wawo, iwo akumva.