Chamba Chinali Changa, Zala Anadinda za Tinenenji

Tinenenji ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga Lillian, ndipo m'komboni yathu yonse ya Kalikiliki mulibe wa dzanja lobereka ngati lake. Ali ndi zaka khumi anali atayamba kale kubzala repu m'matayala otha ndi tomato m'masaka a simenti. Atakula, azimayi a ku Mtendere ankalimbirana mbande zake, poti mbande ya Tinenenji siifa ngakhale uiike pa phulusa.

Chamba chinali changa, ndipo ndikunena poyera. Mtengo umodzi, kuseri kwa khola la nkhuku. Kwathu ku Katete chitopa chikalowa timasinja masamba a chamba n'kuthira m'madzi a nkhuku. Amayi ankatero, inenso ndinabwera nayo nzeruyo m'tauni. Kusuta sindinasutepo, ndine mayi wa Chigwirizano ine.

Wina anatineneza. Tsiku limene apolisi anabwera ndinali ku maliro ku Chazanga, ndipo anapeza Tinenenji akuthirira mbande. Atamufunsa mwini mtengo, mwanayo anaganiza za maondo angawa pa simenti ya m'selo, nati, "Ni wanga." Anamudinda zala zonse khumi, nakhala m'ndende miyezi isanu ndi inayi. Anatuluka nthiti zikuoneka, osandiwiringulira ngakhale liwu limodzi. Anangofunsa kumene ndinaika khasu lake.

Patapita zaka tinamva pa wailesi kuti chamba cha mankhwala chaloledwa, koma kwa okhawo a laisensi. Famu ina yotero ya m'njira ya ku Chongwe inkafuna anthu odziwa mbande. Tinenenji anapita, anamuyesa, kapitawo nati ayambe Lolemba, angobweretsa kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Kalatayo inatuluka ndi mlandu wa mtengo wanga. Ntchito anamukaniza.

"Ambuya, musayende," anatero ataona ndikumanga duku. "Muzazivuta chabe."

"Nipase nsapato zanga, iwe."

Ndinakwera mabasi awiri kupita ku famuko. Zimene ndinaona kumeneko zinandiwawa mpaka m'mano. Chamba mizeremizere m'nyumba za pulasitiki, chonenepa, chothiriridwa ndi mapaipi, mlonda wa yunifolomu akuchilondera ngati mwana wa mfumu. Mtengo wanga uja unali wolekeza m'chiuno, wodyedwa ndi mbuzi.

Mu ofesi ndinapeza mayi wolemba antchito, dzina lake Magdalene. Ndinayala manja anga patebulo pake.

"Mtengo unali wanga. Dindani zala izi, mwana mumulembe nchito."

"Ambuya, ise tiona chabe pepala. Munthu wa mulandu wa chamba sitingamulembe, bangatipoke laisensi."

"Nanga vija vili mu pulasitiki ni chibwabwa?"

"Vija ni mankhwala."

"Changa chinali chani? Nkhuku zanga zenze kukoka fodya?"

Anaweramira mapepala ake. Ndinamuuza zonse, za chitopa, za maliro, za miyezi isanu ndi inayi. Anamvetsera, sindimunamizira, koma pomaliza anati pepala silisintha ndipo malowo apatsa kale wina.

Anandiperekeza mpaka pakhomo. Pamenepo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Ambuya, nkhuku za bamai banga ku Chipata kompaundi zikufa maningi. Muika masamba angati mu baketi?"

Ndinamuyang'ana kuyambira kuwigi mpaka kunsapato.

"Funsani pepala lanu, ba Magdalene."

Kunyumba ndinapeza Tinenenji atagwada, akupakira dothi m'timapulasitiki ta mbande. Anaona nkhope yanga. Anangondikankhira mpando ndi phazi, napitiriza.

Lolemba basi ya pa famupo inaima pamsewu kutenga antchito, iye ali kuthirira tomato m'masaka ake. Alipo ena pa mpopi amene amamutchabe "uja wa chamba". Amene ali ndi mawu amenewo abwere adzawanene pakhomo panga. Mwini chamba ndine, ndipo masana onse ndimakhala ndilipo.