Zilembo za Kadontho pa Khadi la Ukwati

Pa shopu yosindikiza imene amagwira ntchito amamutcha Kadontho, poti munthuyo akhoza kukangana nawe mpaka ndevu kukumera chifukwa cha kadontho ka pamwamba pa chilembo cha i. Amagwira ntchito kuchipinda chakumbuyo chopanda windo, iye ndi kompyuta yakalekale imene ikamayaka imatsokomola mpaka mbewa za kudenga kusamuka. Anzake onse anapita ku makina atsopano kutsogolo. Kumbuyoko kumafika fumbi lokha, nalonso limayamba laodira.

Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anapita ndi amayi ake banja litatha, asanadziwe n'komwe kumanga nsapato. Chiyambire pamenepo ubambo wa Kadontho unali wa pafoni basi. Tsiku lina foniyo inalira.

"Ababa, ndikukwatiwa."

"Wolimba mtimayo ndani?"

"Musayambe. Makhadi tisindikiza konkuno."

Kadontho anapempha chinthu chimodzi: makhadiwo alembedwe ndi zilembo zake. Pa kompyuta yakaleyo anali atajambula fonti, mtundu wakewake wa zilembo, kadontho ndi kadontho, g wake wa mchira ngati wa mphaka wokhuta. Pa ukwati wonsewo, dzanja lake likanaoneka pokhapo. Mwanayo anavomera, fayilo inatumizidwa.

M'mawa mwake foni inaliranso. "Ababa, mwatitumizira chiyani? Chilembo chimodzi chatalika kuposa nyumba yosanja! Kompyuta ya wosindikiza yakomoka, akuikupiza ndi katoni."

Kadontho anapita kutsogolo kwa mayi wokonza makompyuta, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, fayilo yanu siinafe," anatero mayiyo. "Nambala iliyonse m'katimo imasungidwa m'zidutswa ziwiri, mabayiti. Chimakina chanu chija chimayamba kulemba chidutswa chachikulu, pomwe makina a uko amayembekeza chaching'ono poyamba. Inu munati kutalika 12, iwo akuwerenga 3072."

"Ndiye kuti akuwerenga chafutambuyo?"

"Iwonso akuti wafutambuyo ndinu. Ndikulemberani kapulogalamu kotembenuza, koma sabata ino ndapanikizika. Mudzandikumbutse."

Munthu wozolowera kukhala yekha sapempha kawiri. Anabwerera kumbuyo kuja, natsegula fayilo, nayamba kusinthanitsa mabayitiwo awiriawiri pamanja, ngati wovula asilikali gulu lonse nsapato zimene avala mosemphanitsa. Tiyi anazizira mpaka kumera ndere. Kangaude analuka ukonde kuchokera pakhutu lake kukafika pa sikirini ya kompyuta, naswa ana, anawo nakula, nakamanga awo maukonde. Mwana wake sanamuimbire. Ankafuna kudzaimba zitatheka, asamveke ngati bambo wobwera ndi zifukwa.

Atamaliza anakayesa pa makina a kutsogolo. Zilembo zinaima pamzere bwinobwino, zonse za msinkhu wake. Anaimba foni ali chiimire.

"Mayo ine, ababa! Munangoti zii, ndiye tinayesa mwazitaya. Makhadi tinasindikiza kale ndi zilembo wamba, tagawa. Lanu lili m'njira."

"Wachita bwino, mayi wanga. Zilembo ndi zilembo."

Akanamva anzake mawu amenewo akanaitanitsa ambulansi, koma onse anali atapita kokadya. Kadontho anasankha pepala lokhuthala, nasindikiza khadi limodzi ndi zilembo zake, dzina la mwana wake likuchita kunyada pamwamba. Anatenga cholembera. Pa mzere wa woitanidwa dzanja linaima nthawi yaitali, osadziwa kuti alembepo "Ababa" kapena dzina lake lonse, monga amalembera alendo ena onse.