Shapa Inaima Kanayi pa Ulendo wa ku Insaca

Tinanyamuka ku Chiuta titangoswali m'mawa, ine ndi amuna anga, bambo a Mariamu. Dzuwa likangopendeka iwo saona. Sabata yatha anakwera bwato la eni ake n'kumakalipa kuti wina wawasinthira nkhafi. Msodzi akafa maso, pakhomo tidya chiyani? Ndiye ulendo wa kuchipatala ku Insaca.

"Za m'mimba usakatchule," anandichenjeza tili panjinga. "Tikupita ndi maso basi." Chaka chachiwiri chino akutsegula m'mimba, koma eti mwamuna wamkulu sanena zoterozo.

Shapa, minibasi ya kwathu kuno, tinaipeza pamsewu waukulu, mametikali zana aliyense, mpando wake thumba la matemba. Isanakwane naini koloko amuna anga anali ataiimitsa kawiri kuti akaone "munda wa msuweni" kutchire. Kachitatu kondakitala anafunsa, "Achimwene, asuweni anuwo minda ali nayo ingati?"

Madokotala m'shapamo anali mbwee. Mayi wa tomato anati tidonthezemo mkaka wa m'mawere. Bambo wa chipewa anati imeneyo ndi ntchito ya anansi. Pamsika wa Insaca wogulitsa magalasi anawaveka akuda bii, iwo n'kupunthwa pa mbuzi.

Masana namwino, mtsikana wa msinkhu wa Mariamu, anawakweza zikope. Anati maso auma, lakumanzere lili ndi chilonda.

"Nanga m'mimba muli bwanji, bambo?"

"Muli bwino kwambiri, mwanangu."

Asanatseke n'komwe pakamwa anadzuka, kufunsa kuli chimbudzi, liwiro! Ine ndinaulula zonse. Ndinali nditatopa nazo.

Namwino anati maso amafuna vitamini A, koma matumbo odwala amangomutaya asanalowe m'thupi. Kani mapapaya ndi chiwindi zonse ndinkawapatsa zija zinkathera m'minda ya asuweni! Anatipatsa mankhwala ndi kalata yokayezetsa matumbo ku Cuamba. Lakumanja lipulumuka, anatero, koma lakumanzere tachedwa nalo. Ndinalira ndi mkwiyo. Manyazi okhaokha kutidyera diso!

Pobwerera tinakwera shapa yomweyo. Dzuwa litapendeka amuna anga anaiimitsa kachinayi, natsika, koma anangoima chilili m'mbali mwa msewu, tchire osaliona. Kenaka anatembenukira kumene kunali mawu athu, anthu onse akumva.

"Mayi a Mariamu, tandigwira dzanja. M'mimba mwayambanso."

Palibe anaseka, ngakhale kondakitala. Ndinatsika n'kuwatsogolera.