A Phuu ndi Kaseti ya Malemu Mkulu Wawo

Mukalowa m'babashopu ya a Phuu musayembekezere zithunzi za mameta pakhoma. Mashelefu onse ndi makaseti a magemu akale, aja oti kuti agwire uyambe wawauzira kaye kunsi. Dzinalo linachokera pomwepo. Bambo wa imvi zake, kusiya mutu wa munthu uli theka n'kumati phuu, phuu, ngati akukoleza nkhuni zaziwisi.

Anthu amati n'chibwana. Sadziwa kuti nkhani yake inayambira pamaliro.

A Phuu anali ndi mkulu wawo woyendetsa mathiraki, amene ulendo wina anabwera ndi kamakina ka magemu kolumikiza ku tivi. Panali kaseti imodzi yotuwa, ya kamunthu kosakasaka makiyi m'mapanga. Kasetiyo inkasunga pomwe walekezera. Mkuluyo analembamo dzina lake, n'kusewera mpaka pakhomo lomaliza, nati adzamaliza akabwerako. Anabwerako ali m'bokosi. A Phuu gemuyo sanaikhudze. Ankangoyatsa mwa apo ndi apo, kuona dzinalo lili pomwepo, n'kuzimitsa.

Ndiye posamuka nyumba, mayi a kunyumba anaona katoni ya zidole, momwe munalinso kaseti ija, ikungodya malo, n'kuipereka kwa mchimwene wawo, wokonza mafoni kumsika, munthu wa pakamwa pothira shuga.

"Alamu, pepani, katoni ija ndinagulitsa kwa wina wake wongodutsa," anatero mlamuyo, nkhope yachisoni ngati wafedwa ndi iye. "Koma ogulitsa zakale onse ndi anzanga. Tiipeza basi."

Kuyambira pamenepo mlamu sankabwera chimanjamanja. Lero kaseti yotuwa, mawa ina. Kenako akuti mwini wake wakana kugulitsa imodzi, mutenge mulu wonse. A Phuu n'kutenga. Akayatsa ankapezamo mayina a anthu osawadziwa, ndipo sankawafufuta. Ankati nayenso ameneyu ali ndi m'bale wake kwinakwake. Shelefu inadzaza, anakhoma ina. Ana anamaliza sukulu, bambo akusakabe.

Tsiku lina mashini ometera anangoti zii pakati pa ntchito, mutu wa kasitomala uli theka. A Phuu anathamangira nawo kwa mlamu, n'kupeza mwini wake wapita kukagula chingwe. Anati ayambe okha kumasula. Potsegula dilowa kufuna sikuludiraiva, kunsi kwa mafoni akufa, anaona kaseti yotuwa yopsa pakona, pomwe mkulu wawo ankatsamiritsa ndudu.

Mlamu anawapeza ataigwira ndi manja awiri.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Aaa, mwandiphera sapulaizi! Yabwera dzulo lomweli."

"Fumbi ili n'ladzulo?"

Mlamu anayang'ana kudenga. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu wogwidwa dzanja lili mumphika.

"Chabwino, sindinaigulitse. Koma inunso alamu, ndikanakupatsani kalelo, bwenzi muli ndi mashelefu amene aja? Anthu amawoloka tauni kudzameta kwa inu kuti aone magemu. Dzina mwatchuka nalo chifukwa cha ine."

Mlamu anapitiriza.

"Ndiponso ndinakusamalirirani. Kabatire kamkati kanali kachikalekale, ndinakachotsa n'kuikamo katsopano. Ulere!"

A Phuu anaitembenuza kasetiyo m'manja. Zaka zonsezi akutsegula makaseti anali atadziwa kuti kabatire konga batani kaja ndiko kamagwira zonse zosungidwa. Kakachoka ngakhale kanthawi kophethira, kaseti imaiwala.

Mashini ometera anawasiya pomwepo. Kubabashopu anadutsa kasitomala wa mutu watheka uja ngati sakumuona, n'kulumikiza kasetiyo. Nyimbo inalira yomwe ija. Pamene pankakhala dzina panali mizere yopanda kanthu, gemu ikufunsa wosewera watsopano kuti ndani.

Mayi a kunyumba anali atamva kale, poti mchimwene wawo anaimba foni kuti zathina. Anafika n'kuima pakhomo, chikwama chili kukhwapa.

"Mayi, inu mumadziwa?"

"Kudziwa ndimadziwa, bambo. Koma chiyambireni kusakasaka munasiya mowa. Ndinati bola zidolezo."

"Aja anali achimwene anga."

"Achimwene anu ali kumanda, bambo."

"Eya. Tsopano ndiye alikodi."

Kasitomala uja anavula yekha nsalu pakhosi, n'kuvala chipewa, n'kutuluka mwakachetechete.

A Phuu sanalembemo dzina lina mpaka lero. Makaseti amagulabe, poti chizolowezi sichimva kuti nkhani inatha, koma amagula okha. Mlamu naye masiku ano amakameta kutsidya kwa msewu, kwa wometa wosadziwa n'komwe kuwongola mzere. Akuti n'kotchipa. Bodza. Munthu amene anachita zimene zija sangapereke khosi kwa a Phuu lumo lili m'manja.