Malata Anga pa Denga la Golosale

Ufulu utabwera tinavina mpaka nsapato kung'ambika, ife madala a pamgodi ku Kitwe. Mkuwa unkayenda malonda, ndipo aliyense ankati tsopano zinthu ndi zathu. Sipanapite zaka zambiri, mphekesera inayamba kumveka m'keji yotitsitsira pansi: okalamba opanda mapepala a sukulu awapumitsa, malo awo atenge anyamata. Kapitawo wathu, Mbemba wansangala, anandinong'oneza mwaulemu wa Chibemba kuti, "Mudala, yambani kumanga katundu, mukwai." Ine amene ndinayamba kumeza fumbi la pansi azungu asanalote n'komwe zochoka! Zinandiwawa kwambiri.

Chondisowetsa mtendere chinali nyumba. Ya mukomboni inali ya mgodi. Ntchito ikatha umabweza makiyi, mapapaya ako n'kumadya wina. Ndiye ndinati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndinasiya mowa, ndinayamba kugula malata pang'onopang'ono ku Ndola n'kumawakweza pa lole yopita kwathu ku Katete. Wowalandira anali mng'ono wanga, munthu amene ndinamubereka kumsana ali khanda. Aliyense wochokera kumudzi ankabwera ndi uthenga wake wokoma: njerwa zapsa, khoma likukwera. Mkazi wanga yekha ndiye ankati, "Atate ake, pitani mukaone ndi maso. Khoma la pakamwa silitchinga mvula."

Nditatenga tchuthi ndinapita osatumiza mawu. Malata anga ndinawaona ndisanatsike basi, akung'anima pamphambano, pa denga la golosale. M'katimo munali mng'ono wanga akupimira anthu mchere. Pamalo amene malemu amayi anandilozera kuti ndidzamange panali tchire ndi mbuzi za eni.

"Iwe, nyumba yanga ili kuti?" ndinamufunsa.

Manyazi analibe. Anandikokera mpando n'kunena modekha, "Achimwene, musapse mtima. Malata akanangochita dzimbiri. Ndani wa ku migodi anabwerapo kudzakhala kuno? Amalume anabwera m'bokosi. Asuweni aja, m'bokosi. Inu ndinu a m'tauni, khasu simungalithe."

"Ntchito ikutha. Ine ndi mlamu wako tidzagona kuti?"

"Malo anu alipo, sitinakuiwaleni," anatero, akuloza ndi mlomo ku mitengo ya kumanda. "Pafupi ndi amayi. Palibe adzakulandeni."

Sankaseka ayi, ankaganiza kuti akunditonthoza. Apo ndi pamene mtima unandisweka. A mgodi ankangondiona ngati wokalamba. Wa bere limodzi anali atandiika kale m'manda, malata n'kutenga ngati chuma chamasiye.

M'mawa mwake ndinakwera basi yobwerera. Mkazi wanga anandiyang'ana pakhomo, ndipo sanafunse za denga. Lolemba ndinatenga lezala, ndinameta imvi zonse mpala, n'kukaima pamzere wa keji pakati pa anyamata, nditawongola msana kuti kapitawo andione kuti sindinakalambe.