Mabowo Awiri m'Chipinda cha Nsomba

Kope langa la masamu la Sitandade 4 linali lotupa ngati buledi wogwera mu tiyi. Masamba ake ankamatirana, ndipo ukawalekanitsa inki inkatsalira mbali zonse ziwiri. M'mphepete munali timadontho takuda. Aphunzitsi ankalinyamula ndi zala ziwiri, nkulinunkhiza, kenaka nkufunsa kalasi yonse ikumva: "Kodi iwe umagona mu Lingadzi?" Anzanga ankaseka. Ndinkagona m'chipinda cha nsomba.

Amayi anamwalira ndi chifuwa chachikulu ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Abambo anali atatsogola kale. Anandilera ndi agogo, mayi awo a amayi, pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu kumene anagwira ntchito moyo wawo wonse. Miyendo itayamba kuwavuta, amalume anatitenga tonse awiri kukakhala kwawo ku Area 25, m'nyumba ya njerwa zootcha zomangira dothi imene anamanga okha. M'nyumbamo munalinso akazi awo, amene ndinkawatcha anti, ndi khanda la miyezi inayi.

Amalume ankagwira ntchito ku Kanengo nyengo ya fodya, koma chaka chimenecho sanaitanidwe. Chimene chinkatidyetsa chinali nsomba zokongoletsa m'nyumba. Bambo wina wachisilamu wa ku Salima ankabwera nazo m'mapepala apulasitiki odzaza madzi, amalume nkuziweta, zikaswana nkukagulitsa kumahotela ndi kumaofesi a m'tauni. Agogo sanazimvetse konse. "Nsomba yodyetsedwa ndi munthu, munthu osaidya," ankatero akupukusa mutu. "Za m'tauni."

Chipinda cha nsombazo chinali chaching'ono, chakumbuyo, chosungiramo chimanga kale. Munali mathanki agalasi asanu ndi limodzi pamashelefu, mgolo wabuluu wa madzi wosavundikira, pampu yopopera mpweya m'madzi kudzera m'timapaipi, ndi tindodo tamagetsi totenthetsa madzi, poti nsomba za kunyanja sizipirira kuzizira kwa Lilongwe. Juni atafika, magetsi anayamba kuzima maola ambiri. Tsiku lina amalume anapeza nsomba zitatu zikuyandama chagada. Tsiku lomwelo anatseka chipinda chonse kuti kutentha kusamathawe. Bowo lolowera mpweya lomwe linali m'mwamba pafupi ndi malata analitseka ndi masaka, pawindo anakhomapo pulasitiki wakuda, kunsi kwa chitseko anaikako chiguduli.

Mpaka nthawi imeneyo ndinkagona pabalaza ndi agogo, pa simenti yozizira ngati mwala wa kumtsinje. Amalume atandiona ndikunjenjemera m'mawa wina anati, "Mwana wa mlongo wanga azinjenjemera m'nyumba mwanga nsomba zikufundidwa? Tenga mphasa yako." Ndimafuna kuti izi zimveke bwino, chifukwa anthu ndikawafotokozera amathamangira kuganiza kuti anataya mwana wamasiye m'chipinda cha ziweto. Ayi. Anandipatsa malo ofunda kuposa onse m'nyumba muja, ofunda kuposa mmene ankagona iwo eni.

Ndipo ndinachikonda chipindacho. Ukatsegula chitseko mpweya unkakumenya kumaso, wofunda, wolemera, wonunkha ngati thaulo losauma. Khoma linkachita thukuta. M'mawa madontho ankandandalika kumalata nkumagwa limodzilimodzi pabulangete. Nsapato zanga za kusukulu zinamera ubweya wobiriwira. Machesi oyatsira kandulo ankangonyenyeka osayaka. Koma chinali chipinda changa choyamba, ndipo ndinali ndi zoyang'ana. Panali nsomba ina yachikasu, yaikazi, imene inkakhala yokha pakona masaya ali otupa, osadya. Amalume anandionetsa kuti inkasunga ana m'kamwa. Ukayang'anitsitsa unkaona timaso takuda mkatimo. Ndinkathamanga pochokera kusukulu kuti ndikaone ngati yawalavula.

Chifuwa chinayamba patatha milungu itatu. Ndinkachibisa. Ndinkatsokomolera m'bulangete, ndikudalira phokoso la pampu. Ndinkakumbuka mmene amayi ankatsokomolera, komanso mmene anthu ankaimira patali akabwera kudzawaona. Koma magetsi akazima pampu inkakhala chete, ndipo makoma a nyumba ija sankasunga chinsinsi.

Anti anayamba ndi kapu. Anamanga ulusi wofiira pachogwirira cha kapu imodzi nkunena kuti imeneyo ndi yanga. Kenaka mbale. Kenaka anandiletsa kunyamula khanda. Tsiku lina ndikutsuka mapoto kuseri ndinawamva akuuza amalume, "Mayi ake anayamba chonchi. Inu nomwe munandiuza." Anati kuli abale a bambo anga ku Ntchisi, nanga bwanji osandipereka kumeneko. Agogo akanatsala, chifukwa anti ankafuna kubwerera kumsika kukagulitsa kaunjika ndipo khanda linkafuna wolilera. Anthu a ku Ntchisiwo ndinali ndisanawaonepo. Lero ndili ndi ana anga, ndipo anti sindiwaweruza. Munthu wa khanda la miyezi inayi akamva chifuwa kuseri kwa khoma saganiza za chilungamo.

Kuchipatala anandiyeza makhololo kawiri, nkunena kuti si chifuwa chachikulu. Anandipatsa mankhwala akumwa. Palibe anafunsa kumene ndinkagona, ndipo ife sitinaone chifukwa chonenera. Kunyumba aliyense ankadziwa chimene chimabweretsa chifuwa mwezi wa Julayi: kuzizidwa. Choncho anandiletsa kupita kusukulu, anandiletsa kukhala panja, anandiika m'chipinda chofunda chija usana ndi usiku, chitseko chotseka kuti mphepo isandipeze, komanso kuti khanda lisapume mpweya wanga. Chakudya ankandipatsira pakhomo. Ndikatsokomola kwambiri ankawonjezera bulangete. M'chifuwa mwanga munayamba kulira ngati muli mwana wa mphaka. Anti anati achipatala aphonya. Lachinayi lina amalume, akuyang'ana pansi, anati likafika Lamulungu osasintha andiperekeza ku Ntchisi, mwina mphepo ya kumudzi indithandiza.

Agogo sankalowa m'chipinda chija. Ankaopa mawaya apafupi ndi madzi, ndiponso amalume sankafuna kuti chitseko chizitsegulidwatsegulidwa. Koma Lachisanu masana analowa ndi phala, natseka chitseko, nakhala pansi pafupi nane. Ndikuganiza kuti anabwera kudzatsanzikana. Anayamba kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenaka ndinaona mphuno zawo zikugwedezeka. Anagwira khoma nayang'ana chikhatho chawo. Anakweza ngodya ya mphasa yanga. Anayang'ana m'mwamba, pa masaka aja.

"Muno ndi m'balani yoiwala kutsegula," anatero.

Ndinkadziwa chimene ankanena, poti ndinakulira pakati pa mabalani ootchera fodya. Masiku oyamba balani imatsekedwa kuti tsamba lichite chikasu m'nthunzi yake yomwe. Kenaka umayenera kutsegula mabowo, ena pansi ena pamwamba, kuti mpweya wouma ulowe kunsi, wonyowa utuluke kumwamba. Ukachedwa, moto ungakhale wabwino chotani, fodya amapsa ndi thukuta lake nkuwola. Agogo anaonapo anthu akuchotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezo.

Madzulo anawauza amalume pakhonde, ine ndikumvera pachitseko.

"Amayi, nsomba si fodya," anatero amalume.

"Mwanayunso si nsomba, bambo."

"Mukatsegula muja, magetsi nkuzima, zonse zitha. Ndiye tidya makoma? Mwana akudwala chifuwa inu mukuti timulowetsere mphepo? Anthu akamva adzati chiyani?"

Agogo anadzuka nalowa pabalaza. Chibwerere m'nyumba ija sanatsutsanepo ndi mwana wawo. Ankadya chimene apatsidwa, ankathokoza ngakhale sopo.

Loweruka m'mawa amalume anapita m'tauni kukapereka nsomba, anti anapita kumsika ndi khanda kumbuyo. Agogo ananditulutsa nkundikhazika padzuwa. Kuwala kunandipweteka m'maso. Anatenga mtengo wochirikizira chingwe choyanikira zovala nkugwetsa masaka a m'bowo la m'mwamba. Anagwa ngati nyama yakufa, akuda, akudontha. Kenaka anazungulira kukhoma la mbali ina, anagwada movutikira, nayamba kukumba dothi la pakati pa njerwa ndi khasu, mzere wachiwiri kuchokera pansi.

Amayi a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. "Agogo, kodi mwataya kiyi?"

"Ndikutsegulira mlendo," anayankha agogo osatembenuka.

"Eni ake akudziwa?"

"Adziwa."

Inawatengera mpaka dzuwa kufika pamutu. Njerwa ziwiri zinatuluka. Anayatsa kachidutswa ka nyuzipepala pambaula, nakazimitsa kuti kazingofuka, nakaika pafupi ndi bowo latsopanolo. Utsi unapindika nkulowa wokha, ngati waitanidwa. Anandituma kuseri kuti ndikayang'ane m'mwamba. Ndinadikira, kenaka ndinauona ukutuluka pansi pa malata, wopyapyala. Nditabwerako ndinawapeza atakhala padothi miyendo atatambasula.

Amalume atabwera anaima patsogolo pa bowolo nthawi yaitali, chidebe chopanda kanthu chili m'manja.

"Amayi. Khoma langa."

"Ndi limenelo, bambo. Silinagwe."

Sanakalipe. Kunali bwino akanakalipa. Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna chotsekera, koma agogo anali atakhala pafupi penipeni ndi bowolo, ndipo kuti atseke anayenera kuwauza mayi awo kuti asunthe. Analowa kuchipinda kwawo osadya. Tsiku limenelo ndinagona pabalaza ndi agogo. Magetsi anazima madzulo, ndipo sanayake mpaka kutacha.

Lamulungu m'mawa ndine ndinayamba kulowa m'chipindamo. Munali mozizira, ndipo fungo lija linali litachepa. M'mathanki awiri apansi, oyandikana ndi bowo, nsomba zonse zinali chagada. Yachikasu ija inali pakona pake, kukamwa kuli yasa, tiana tili mbwee pansi pa thanki ngati mpunga wotayika. Chibwerere m'nyumba ija ndinali ndisanalirepo mokweza. Tsiku limenelo ndinalira mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ndinapita kwa agogo nkuwauza kumaso kuti, "Mwapha ndinu."

Ndinakhala pakhonde kudikira kuti andiuze kuvala za paulendo. Amalume sanapite kutchalitchi. Anawola nsomba zakufa m'beseni nakazikwirira kuseri. Kenaka anakoka mphasa yanga kuti apeze poponda, naiponya pabwalo, ndipo inagwa chotembenuka. Aka kanali koyamba kuti kunsi kwake kuonedwe padzuwa. Kunali chuku chokhachokha, chakuda ndi chotuwa, chokhuthala ngati ubweya wa mbuzi, chitajambula bwinobwino pamene pankakhala mutu wanga ndi pamene pankakhala msana. Amalume anaima pamenepo. Anti anatuluka, nayang'ana, nagwira pakamwa.

Za ku Ntchisi palibe anazitchula tsiku limenelo. Amalume anatha tsiku lonse akugwira ntchito. Anadula magalasi akale nkuvundikira thanki iliyonse. Mgolo anauvundikira ndi beseni. Mathanki anawakulunga m'mbali ndi makatoni ndi masaka ouma, kuti chofunda chikhale madzi osati chipinda. Nditawaona akunyamula njerwa ziwiri zija ndinaganiza kuti akukatseka, koma anakaziika kuseri kwa bafa. Pamabowo onse awiri anakhomapo sefa wa waya woletsa makoswe. Dzuwa likupendeka anandiitana, naika khutu pamsana panga, nati ndipume. Kamphaka kaja kanali kadakalimo, koma kakulira motsitsa. "Mwana sapita kulikonse," anawauza anti. Anti anati tione kaye sabata imodzi. Sabatayo inatha, inanso inatha, ndipo tsiku lina ndinangopeza ndikumwera kapu iliyonse.

Koma ine ndinali ndidakali wokwiya ndi agogo. Lolemba lija, posesa pabalaza, ndinapeza mtolo kuseri kwa chitseko, womangidwa ndi chitenje chawo chakale, mfundo yake yolimba. Pampata ndinaona madiresi awo awiri, juzi yanga, yunifolomu yanga, ndi buku lawo la nyimbo. Ndinali ndisanawalankhule chiyambire dzulo lake, ndipo ndinkafuna poyambira posapepesa.

"Zochapa izi? Nditunge madzi?"

"N'zochapa kale," anatero. "Bweretsa kuno."

Anamasula mfundoyo ndi mano, poti zala zinali zitatupa ndi khasu. Anatulutsa chimodzichimodzi, nkumachikunkhumula, nkumabwezera pamalo pake: madiresi pamsomali, yunifolomu pachingwe, buku pansi pa pilo. Ndinawafunsa kuti anamanga liti. Anati Loweruka m'mawa, asanatenge khasu.

Ndinaima ndi tsache m'manja ndikuwayang'ana, ndipo ndinaganiza kuti agogo akalamba basi. Dzana kugumula khoma la eni, lero kumanga m'mtolo zovala zoyera, zawo ndi zanga pamodzi, ngati pali kumene ankapita.